Pagombe la Nyanja, Dokotala Woyamba Ndife

Dziko lathu la Zambia lilibe nyanja ya mcere, koma madzi tinapatsidwa mosaumira. Kumpoto kuli Tanganyika, nyanja yozama mamita oposa 1,400, pamodzi ndi doko lake la Mpulungu. Ku Luapula kuli Mweru ndi Bangweulu, kumene mcenga woyera wa pa Samfya umakopa alendo caka ndi caka. Kum'mwera kuli Kariba, nyanja imene inabadwa pamene anthu anatseka mtsinje wa Zambezi ndi cikhoma cimene cinatha kumangidwa mu 1959. Ndipo ife a kum'mawa, tikanyamuka pa Chipata m'mawa ndi kudutsa malire pa Mwami, dzuwa sililowa tisanaponde mcenga wa Senga Bay ku Salima.

Masiku ano maulendo opita kunyanja acuruka. Mabanja, ana a sukulu ndi magulu a acinyamata amasonkherana ndalama miyezi ingapo, nabwereka basi, nakaona madzi amene ena a iwo anangowamva m'nkhani. Kukonzeka kwake kumakhala kwakukuru: nkhuku, mpunga, mbaula ndi makala, zakumwa zoziziritsa, zovala zatsopano zojambulitsira zithunzi. Zonsezi nzabwino ndithu, pakuti munthu ayenera kupumulako. Koma pali funso limodzi limene tifuna kuti liyambe kufunsidwa basi isananyamuke: kodi mwa ife tonse tiri muno, ndani adziwa cocita mwana akamira?

Tifunsa motero kaamba kakuti ambiri a ife tinakulira kumtunda. Timitsinje ta kwathu timaphwa m'mwezi wa Okutobala, ndipo kusambira kumene tinaphunzira nkwa m'maiwe ofika m'ciuno. Nyanja ndi cinthu cina. Pansi pake pamatha kukhala posaya mapazi khumi, kenaka phompho. Pa nyanja ya Malawi mphepo ya mwera, imene imaomba m'miyezi yozizira, imautsa mafunde amene ngakhale asodzi obadwira pomwepo amawapatsa ulemu. Pansi pa Kariba pakali zitsa za mitengo imene inamizidwa kalelo. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linanena mu 2024 kuti m'caka ca 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi. Kumeneko ndiko kuti anthu oposa 30 pa ola lirilonse, usana ndi usiku. Pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosafika zaka 5, ndipo poyerekeza ndi kucuruka kwa anthu, cigawo ca Africa ndico cinataya ambiri koposa. Ncifukwa cake mu 2021 bungwe la United Nations linapatula tsiku la 25 Julayi kuti likhale lokumbutsana za kupewa imfa za m'madzi.

Cimene cimatikhudza koposa nambala zimenezi ndi nthawi. Ubongo wa munthu ukakhala mphindi 4 kufikira 6 wopanda mpweya umayamba kuonongeka. Palibe galimoto la cipatala limene lingafike pagombe m'mphindi zimenezo, ngakhale msewu utakhala wa tala. Motero amene adzaweruza ngati munthu akhale moyo kapena ai ndi iye amene waima pafupi: mayi, mphunzitsi, msodzi, kapena mnyamata wogulitsa nsomba zootca. Liwiro la mumcenga nkuyambira limodzi.

Kumira kulibe phokoso

Ambiri amaganiza kuti munthu womira amakuwa ndi kukupiza manja. Kawirikawiri sizitero. Pakamwa pake pamatuluka ndi kulowanso m'madzi msangamsanga, kotero kuti kampweya kamene wapeza nkopumira cabe, sikokwanira kuitana. Amaima ciriri m'madzi, mutu uli cagada, manja akukanikiza madzi ngati munthu wokwera makwerero osaoneka. Kulimbana kumeneku sikupitirira mphindi imodzi, ndipo kwa mwana kumafupika koposa. Anthu angathe kukhala akuseka ndi kujambulana pafupi pomwepo osazindikira kanthu. Ana osewera m'madzi amacita phokoso. Akangoti zii, tiimirire tikaone.

Kwa khanda ndi mwana wongoyamba kuyenda, madzi ofika m'kakolo ngokwanira kumupha akagwa cafufumimba. Ndipo taona kuti pamene akuluakulu acuruka mpamene ana amasowa wowayang'anira, pakuti aliyense amati mnzake akuona. Njira imene taiona ikuthandiza njapafupi. Munthu wamkuru mmodzi, amene sanamwe mowa, apatsidwe nchito yoyang'ana ana okha kwa theka la ola, osagwira foni, osaceza, osaphika. Nthawi yake ikatha apereke nchitoyo kwa wina momchula dzina, monga alonda acitira posinthana. Ana aang'ono akhale pamene dzanja la wamkuru lingawafike.

Mpulumutseni muli pamtunda

Tikaona munthu akumira, mtima umatiuza kuti tidumphiremo. Mtima umenewo ngwacikondi, koma wadzetsa maliro awiri m'mabanja ambiri m'malo mwa amodzi. Munthu womira sadziwa mbale. Amagwira ciriconse cimene camuyandikira ndi mphamvu zoopsa, nakwerapo kuti apeze mpweya, ndipo ngakhale mwana wa zaka khumi angamize bambo wake. Coyamba tsono nkukuwa kuti anthu abwere, makamaka asodzi ndi eni mabwato, ndi kutuma munthu mmodzi momuloza kuti aitane thandizo ndi kufuna galimoto.

Ngati womirayo ali pafupi, timpatse cinthu cacitali: nsungwi, nkhafi, nthambi kapena citenje copota. Ife tigone pansi kapena mnzathu atigwire m'ciuno kuti tisakokedwe. Ngati ali patali, timponyere cinthu coyandama. Cigubu copanda kanthu ca malita 5 kapena 20, cotsekedwa bwino, cimanyamula munthu, ndipo cikamangidwa ku cingwe tingamukoke naco kufikira kumtunda. Mpira kapena cibokosi cosungiramo zoziziritsa zimagwiranso nchito yomweyo. Nzeru ya cigubu tinaiona kwa asodzi a ku Salima, amene sacotsa cigubu m'bwato ngakhale nyanja itagona bata. Ngati pali bwato, lipite ndi anthu olidziwa, ndipo womirayo agwire kumapeto kwake kuti lisagubuduke. Kulowa m'madzi akuya nkwa munthu yekhayo wophunzitsidwa, ndipo iyenso apite ndi coyandama, aciike pakati pa iye ndi womirayo.

Akafika pamcenga

Pano mpamene pamatayika nthawi yambiri. Pali cikhulupiriro cakale cakuti coyamba nkucotsa madzi amene munthu wamwa, pomuzondotsa mutu pansi, kumutsindika pamimba kapena kumuzunguza m'mwamba. Sikwathu kokha kumene anthu anaganizapo motero. Ku Ulaya, kumene bungwe loyamba lopulumutsa omira linakhazikitsidwa mu mzinda wa Amsterdam mu 1767, anthu ankagubuduza omira pa migolo ndi kuwapacika miyendo m'mwamba. Madokotala anazisiya zimenezi atapeza kuti sizithandiza. Madzi amene amatuluka potsindika mimba ngocokera m'mimba, ndipo angathe kubwerera ndi masanzi kulowa m'mapapo. Cimene cikupha munthuyo ndi kusowa kwa mpweya, ndipo mpweya ndiwo mankhwala ake.

Timgoneke cagada pamalo olimba ndi osalala, mopingasa ndi gombe kuti mutu ndi miyendo zikhale mulingo umodzi. Timgwedeze paphewa ndi kumuitana. Ngati sayankha, dzanja limodzi pamphumi, zala ziwiri pansi pa cibwano, tiweramitsire mutu kumbuyo pang'ono kuti njira ya mpweya itseguke. Tiike tsaya lathu pafupi ndi kamwa lake, maso ali pacifuwa, kwa masekondi osapitirira 10. Kupuma kwa befu, kwa apo ndi apo monga kwa nsomba yovuulidwa, sikupuma kwenikweni ai. Woteroyo timuyese wosapuma.

Ngati sakupuma, timtseke mphuno ndi zala, tiike kamwa lathu pakamwa pake mosasiya mpata, ndi kumuuzira mpweya kasanu. Kuuzira kulikonse kutenge ngati sekondi imodzi, ndipo tione cifuwa cikukwera. Kenaka tiike cidendene ca dzanja pakati pa cifuwa, dzanja lina pamwamba pake, mikono yowongoka, ndi kukanikiza mwamphamvu kuti cifuwa cilowe masentimita 5 kufikira 6. Tikanikize ka 30, pa liwiro la ka 100 kufikira ka 120 pa mphindi, ndiko kuti pafupifupi kawiri pa sekondi. Tikatero tiuzire mpweya kawiri, tikanikizenso ka 30, ndi kupitiriza motero. Kwa mwana dzanja limodzi lingakwane. Kwa khanda tizinge cifuwa ndi manja onse awiri ndi kukanikiza ndi zala ziwiri zazikuru, ndipo kamwa lathu liphimbe mphuno ndi kamwa pamodzi, mutu wosaweramitsidwa kwambiri. Kwa ana cifuwa cilowe gawo limodzi mwa magawo atatu a kukhuthala kwake.

Njira yophatikiza kuuzira mpweya ndi kukanikiza cifuwa inakhazikika ca m'ma 1960, ndipo kucokera pamenepo yabweza anthu osawerengeka amene kale akadawayesa akufa. Nchito yake njotopetsa, motero tizisinthana pa mphindi ziwiri zirizonse. Thovu likamatuluka pakamwa tisataye nthawi kulipukuta, tipitirize. Akasanza, timtembenuzire cammbali, ticotse zimene ziri m'kamwa, timbwezere cagada ndi kuyambanso. Nthiti ingathe kuthyoka, koma nthiti imapola. Tisaleke kufikira ayambe kupuma bwino, kapena afike a cipatala, kapena mphamvu zitithere tonse.

Pali cinthu cina cimene sitingacibise. Mwambo wathu umatiphunzitsa ulemu waukuru pa thupi la munthu wina. Mwamuna amadodoma kugwira cifuwa ca mkazi wa mwini, ndipo mkamwini angaope kuyandikira apongozi. Enanso amaopa matenda, ngakhale kuti kacirombo ka HIV sikafalikira m'malovu. Ulemu ngwabwino, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Amayi angazinge malowo ndi zitenje kuti wodwala asaonekere, nchito iri m'kati. Amene sangathe konse kuuzira mpweya akanikize cifuwa osaleka, pamene wina akufunidwa woti auzire, pakuti kwa munthu womira mpweyawo ngwofunika kwambiri.

Akayamba kupuma, kapena ngati anali kupuma kale koma ali cikomokere, timgoneke cammbali, bondo lapamwamba lopinda, kamwa loyang'ana pansi pang'ono kuti masanzi atuluke okha. Timvule zonyowa, timpukute ndi kumfunda zouma, pakuti munthu wovuulidwa amazizidwa ngakhale kunja kukutentha. Asapatsidwe mowa kuti atenthedwe, ndipo asamwetsedwe kanthu asanatsitsimuke bwino. Ngakhale adzuke ndi kunena kuti ali bwino, apite naye kucipatala tsiku lomwelo. Madzi ocepa amene analowa m'mapapo angayambitse kubanika patapita maola angapo, mwina usiku basi iri pakati pa ulendo. Kukhosomola kosaleka, kupuma mofulumira, milomo yosintha mtundu ndi tulo tosadziwika bwino ndi zizindikiro zosayenera kudikira m'mawa.

Khosi, khunyu ndi mowa

Anyamata amakonda kudumpha camutu kucokera pamwala kapena pabwato. Madzi akakhala osaya, kapena pansi pakakhala citsa, khosi limathyoka ndipo munthu angapuwale moyo wake wonse. Amene wavulala motero, nadandaula kupweteka kwa khosi, dzanzi kapena kufooka kwa manja ndi miyendo, asanyamulidwe mwacisawawa. Mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti ukhale mzera umodzi ndi msana, nkhope iri kunja kwa madzi, ndipo ena amunyamulire pa thabwa kapena citseko. Koma ngati sakupuma, mpweya ndiwo uyambe, zina pambuyo.

Abale athu odwala khunyu ali pa ngozi yaikuru pafupi ndi madzi, ndipo ngoziyo imakula cifukwa ca mantha a anthu. Khunyu sipatsirana. Malovu kapena mpweya wa munthu wakugwa sizingadwalitse womuthandiza. Akagwera m'madzi osaya, timgwire mutu kuti nkhope ikhale pamwamba ndi kumtulutsa msanga. Pamtunda ticotse zinthu zomuvulaza, tiike nsalu pansi pa mutu, tisamupanikize ndipo tisalowetse sipuni kapena cala m'kamwa. Kugwedezeka kukatha agonekedwe cammbali. Ngati kwapitirira mphindi 5, kapena ngati anagwera m'madzi, apite kucipatala.

Za mowa tinene mosapita m'mbali. Mowa umanamiza munthu kuti ali ndi mphamvu pamene ukumlanda nzeru ndi liwiro. Amene wamwa akhale pamthunzi, asasambire, asapalase bwato ndipo asapatsidwe ana. Okwera bwato afunse majekete oyandamitsa ndi kuwavala asananyamuke, ndipo bwato lodzaza kale alisiye lipite.

Dzuwa ndi moto

Amene anafikako ku Siavonga mu Okutobala adziwa kutentha kwa m'cigwa ca Zambezi, kumene kumatha kufika madigiri 40. Kamphepo ka panyanja kamanamiza, munthu osazindikira kuti thupi likuuma. Woyamba kugonja amatuluka thukuta lambiri, namva mutu, cizungulire, mseru ndi kukokana kwa minofu. Ameneyo agonekedwe pamthunzi, amasulidwe zovala, apepesedwe ndi nsalu yonyowa ndi kumwa pang'onopang'ono. Madzi a moyo a m'mapaketi ngabwino koposa. Ngati palibe, tisungunule masipuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mcere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Madzi a m'nyanja asamwedwe osawiritsa, cifukwa ca kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba.

Koma munthu akayamba kubwebweta, kusokonezeka, kudzandira kapena kukomoka, thupi liri ngati moto, imeneyo ndi ngozi ya imfa. Kumziziritsa kuyambe pomwepo, galimoto lisanapezeke. Timthire madzi thupi lonse mobwerezabwereza ndi kumkupiza mwamphamvu, ndipo madzi oundana a m'cibokosi ca zakumwa tiwakulunge m'nsalu ndi kuwaika m'khosi, m'khwapa ndi m'mphecepece. Mapiritsi a mutu sathandiza pa kutentha kwa mtundu umenewu. Tipitirize kumziziritsa m'njira yonse yopita kucipatala. Okalamba, makanda ndi amayi apakati ndiwo amafulumira kugwidwa. Anzathu a khungu la cialubino, amene dzuwa limawatentha msanga ndi kuwaika pa ngozi ya khansa ya pakhungu, afunika cipewa cacikuru, malaya a manja aatali, mafuta ochinjiriza ku dzuwa ndi malo oyamba pamthunzi.

Moto wa pagombe uli ndi msampha wake. Makala okwiriridwa mumcenga amasunga ukali wake maola ambiri, ndipo phazi la mwana ndilo limawapeza. Tizizima ndi madzi kufikira atazirala. Wopsa athiridwe madzi ozizira aukhondo pa balalo kwa mphindi 20. Mphete ndi zibangiri zicotsedwe kusanatupe, matuza asaboledwe, ndipo pabala pasapakidwe mafuta ophikira, dzira, mankhwala otsukira mano kapena dothi. Aphimbe ndi nsalu yoyera yosanyenyeka. Bala lalikuru kuposa cikhato ca wopsayo, kapena la kumaso, m'manja, kumapazi ndi kumalo obisika, nla cipatala, monganso bala lirilonse la khanda.

Magazi pamcenga

Mabotolo osweka, zitini ndi mbedza zimabisala mumcenga. Bala likamatuluka magazi, tilitsindike mwamphamvu ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira. Nsalu ikanyowa tiwonjezere ina pamwamba. Magazi akaleka titsuke bala ndi madzi akumwa ndi sopo, kuti mcenga wonse ucoke, ndipo timange. Galasi lalikuru lolowa m'thupi lisazulidwe, koma titsindike m'mbali mwake. Mbedza imene yalowa kupitirira ngowe yake, makamaka pafupi ndi diso, isakokedwe. Tidule cingwe, tiphimbe ndi kupita nayo kucipatala. Minga ya nsomba zina za mtundu wa mlamba imapweteka koopsa, ndipo ululu wake umacepa tikaviika malowo m'madzi otentha amene dzanja lingapirire. Pa mabala onse akuya tifunse a cipatala za katemera wa kafumbata.

Nyanja zathu ziri ndi eni ake, ng'ona ndi mvuu. Safunsa anadya phula: tisanalowe m'madzi tifunse anthu a pamalopo, ndipo akati pano ai, tisatsutse. Ku Kariba makamaka, kusambira m'nyanja nkuika moyo pa ciswe. Tipewe madzi m'bandakuca, madzulo ndi usiku, tipewe m'mabango, pamathiriro a mitsinje ndi pamene asodzi amatumbulira nsomba. Amene wapulumuka ku ng'ona kapena mvuu, mdani wake woyamba ndi kutaya magazi. Tilonge nsalu m'bala ndi kutsindika ndi thupi lathu lonse. Ngati magazi a pamkono kapena pamwendo akuthamanga osaleka, timange nsalu yotambalala, osati cingwe kapena waya, masentimita 5 kufikira 7 pamwamba pa bala, osati pabondo kapena pacigongono. Tipote ndi kamtengo kufikira magazi ataima, tilembe nthawi ndipo tisamasule kufikira kucipatala. Ngakhale bala laling'ono la mano a ng'ona limafuna dokotala, pakuti limaola msanga.

M'nyengo ya dzinja tiwonjezepo mphezi. Bingu likangomveka, onse atuluke m'madzi ndi kucoka pagombe. Abisale m'nyumba kapena m'basi yotseka mazenera, osati pansi pa mtengo woima paokha, ndipo adikire mphindi 30 cigundire bingu lotsiriza. Munthu woombedwa ndi mphezi sasunga moto m'thupi. Tingamgwire mosaopa, ndipo ngati sakupuma timthandize monga tanenera za womira.

Ngozi yobwera nayo kunyumba

Pali ngozi ina yosaoneka tsiku lomwelo, ndiyo likodzo. Tizirombo take, timene dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, anatizindikira ku Cairo mu 1851, timakulira m'nkhono za m'madzi osathamanga ndi a m'mabango, ndipo timalowa pakhungu la munthu wosamba. Patapita masabata kapena miyezi munthu angaone magazi mumkodzo kapena m'cimbudzi, ndipo ena saona kanthu pamene matenda akudya cikhodzodzo kapena ciwindi mwakacetecete. Kukodza magazi kwa mnyamata sicizindikiro ca kukula ai, ndi matenda. Mankhwala ake, praziquantel, alipo. Amene anasamba m'nyanja akapimitse pakapita miyezi iwiri kapena itatu, ndipo auze a cipatala kumene anasamba.

Ena a ife amafika ku nyanja ya mcere, ku Dar es Salaam, ku Beira kapena ku Durban. Kumeneko kuli mikokomo ya madzi obwerera kucokera kugombe, imene imakoka munthu kupita naye kwakuya. Wogwidwa nayo asalimbane nayo. Ayandame cagada, akweze dzanja kuitana thandizo, ndipo ngati angathe asambire motsata gombe kufikira atatulukamo. Pa magombe a ku Durban pali alonda a m'madzi, ndipo malo osambira ndi a pakati pa mbendera zawo zofiira ndi zacikasu. Kulinso tizamoyo tabuluu toyandama ngati kathumba ka mpweya, ta michira yoluma. Wolumidwa atsuke ndi madzi a m'nyanja momwemo, acotse timichirato osatikita ndi mcenga, kenaka aviike m'madzi otentha opiririka kwa mphindi 20. Akayamba kubanika kapena kutupa kumaso, athamangire naye kucipatala.

Tiphunzire ndi manja

Zimene talembazi nzoyambira cabe. Kukanikiza cifuwa ndi kuuzira mpweya zimafanana ndi kupalasa njinga: mawu a papepala sakwanira, manja ayenera kuzolowera. Mabungwe a Zambia Red Cross Society ndi St John amaphunzitsa cithandizo coyamba, ndipo m'midzi ndi m'makomboni mwathu muli anamwino, ena opuma pa nchito, amene angakondwere kuphunzitsa gulu tsiku limodzi Loweruka. Gulu limene latha kusonkha ndalama za basi silingalephere kutumiza anthu awiri kukaphunzira. Ana athunso aphunzitsidwe kuyandama ndi kusambira pamalo otetezeka, pamaso pa wodziwa.

Pa katundu wa ulendo tiwonjezepo zinthu zocepa: cigubu comangidwa ku cingwe cacitali, mabandeji kapena zitenje zocapa bwino, magolovesi, sopo, lumo lodulira nsalu, mapaketi a madzi a moyo, bulangeti ndi madzi akumwa okwanira. Tikangofika tifunse kumene kuli cipatala capafupi, tilembe nambala yake, ndipo woyendetsa basi adziwe njira yake ndi kukhala wosamwa. Ana awerengedwe polowa m'madzi ndi potuluka, aliyense akhale ndi mnzake womuyang'anira.

Wina anganene kuti tikuopseza anthu ndi kuononga cisangalalo. Ife tiona kuti kholo limene lidziwa cocita ndilo limakhala pamcenga ndi mtima wokhazikika. Tsoka silinunkha, ndipo mwina munthu amene tidzamthandiza sadzakhala wa m'basi yathu, koma mwana wa msodzi kapena mlendo amene sitidziwa ndi dzina lomwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tiyeni tsono, pa msonkhano wokonzekera ulendo ukudzawu, tisanakambe za nkhuku ndi mpunga, tiyambe talemba maina a anthu awiri amene adzapita kukaphunzira.